Kabureta ndi majeti: kuchepetsa petulo pa bakkie yakale osaotcha injini

Abale anga amalonda, kuno ku South Africa mtengo wa petulo umasintha Lachitatu loyamba la mwezi uliwonse, ndipo ukakwera oyamba kumva kuwawa ndife oyendera magalimoto akale. Wogulitsa tomato kapena kaunjika sangakweze mitengo tsiku lomwelo, makasitomala angathawire kwa mnzake wa pafupi. Ndiye ndalama yowonjezera pa pampu ija imachoka m'phindu, ndipo phindu likatha imayamba kudya mpamba. N'chifukwa chake nkhani ya kabureta siikutha pakati pathu. Wina akuti gulani Weber, wina akuti chepetsani majeti, wina akuti ingomangani screw basi zitheka.

Ine geni yanga ndi ya ndiwo zamasamba. Ndimaoda ku Joburg Market ku City Deep n'kumaperekera m'mashopu ang'onoang'ono, ndipo ndimayendera Nissan 1400. Mabakkie amenewa anasiya kupangidwa mu 2008, koma mpaka lero ali mbwee m'misewu chifukwa injini yake ya A14, ya 1,397cc, ndi yosavuta kukonza. Zimene ndilembe pano ndazitenga pa galimoto imeneyi, koma zikukhudzanso a Tazz ya injini ya 2E, a Citi Golf ya kabureta, ngakhale a Hilux ndi Hiace za injini ya 4Y. Mfundo yanga ndi yakuti kabureta yosunga mafuta ndi imene yafanana ndi kukula kwa injini yanu, ndipo majeti ake asankhidwa poganizira misewu yonse imene mumayendamo. Kudula kwake kapena dzina lake sizikuthandizani pa pampu.

Yambani mwadziwa kuti ikumwa bwanji

Ambiri timangoti galimoto ikumwa kwambiri chifukwa R200 yatha msanga. Komatu R200 ya mwezi uno si malita amodzimodzi ndi R200 ya mwezi watha. Musanagwire chilichonse, dzazani thanki mpaka pampu idule yokha, lembani makilomita, gwirani ntchito monga mwa masiku onse, kenaka mudzazenso pa malo omwewo mpaka idulenso. Gawani makilomita ndi malita amene alowa kachiwiriko. Mwachitsanzo, ngati mwayenda makilomita 320 ndipo mwalowa malita 32, ndiye kuti lita imodzi ikukuyendetsani makilomita 10. Chitani zimenezi matanki atatu, chifukwa sabata imodzi mukhoza kunyamula katundu wolemera kapena kuima nthawi yaitali m'mizere ya magalimoto. Ngati munasintha kukula kwa matayala, yerekezani makilomita a pa galimoto ndi a GPS ya pa foni, chifukwa amatha kusiyana.

Nambala imeneyi ndiyo mboni yanu. Popanda iyo, makaniko akakuuzani kuti tsopano yasiya kumwa, mulibe poyambira kuvomera kapena kukana.

Nthawi zambiri wolakwa si kabureta

Kabureta imanamiziridwa milandu yambiri. Injini imene moto wake ukufika mochedwa imamwa mafuta ngakhale majeti akhale olondola. Choncho yambani ndi zotsika mtengo: mapulagi, mawaya ake, fyuluta ya mpweya, timing, ndi mapointi ngati distributor yanu ndi ya mtundu wakalewo. Pa injini ya A14 mpata wa mavavu ndi 0.35mm injini ili yotentha, ndipo kuuika bwino ndi ntchito ya kanthawi kochepa.

Pali kachipangizo kena kamene ambiri amakanyoza, vacuum advance, kachitini kokhala pambali pa distributor kolumikizidwa ndi kapaipi ka labala. Ntchito yake ndi kufulumizitsa moto pamene mukuyenda mosaponda kwambiri, ndipo apa ndi pamene mafuta amasungika. Kakabooka mkati galimoto imayendabe, koma petulo amangopita. Zulani kapaipiko ku mbali ya kabureta, yamwani ndi pakamwa distributor ili yotsegula: mbale ya mkati iyenera kusuntha n'kukhala pomwepo mukatseka ndi lilime. Ngati mukungokoka mpweya osamva kulimba, kafa.

Onaninso thermostat. Amakaniko ena amaichotsa poopa kuti injini iwira, koma injini yosafika pa kutentha kwake imadya mafuta, makamaka mu June ndi July pamene ku Gauteng kumazizira kwambiri m'mawa. Onani mpweya wa m'matayala, mabuleki ogwira okha, ndi compression. Injini yotha maringi singachiritsidwe ndi jeti iliyonse.

Zonsezi zikakhala bwino, m'pamene titsegule kabureta. Ngakhale apa, majeti asayambe kugwiridwa. Float ikakwera kwambiri kapena singano yake ikatha, petulo amasefukira yekha kulowa mu injini. Choki ikapanda kutsegukiratu, zili ngati mukuyenda mutaitseka mphuno. Shafiti ya throttle ikatha, mpweya umalowera m'mbali, idle imasokonezeka, ndipo makaniko amabisa vutolo powonjezera mafuta. Kuti mudziwe ngati penapake pakulowa mpweya wakuba, fayirani pang'ono carb cleaner m'munsi mwa kabureta injini ikulira. Kulira kukasintha, pamenepo pakutayikira.

Kusankha kabureta

Kabureta ilibe pampu yokankhira petulo mu injini nthawi zonse. M'kati mwake muli khosi lopanikizika lotchedwa venturi. Mpweya ukamadutsa pakhosipo umathamanga, ndipo kuthamangako ndi kumene kumakoka petulo kudzera mu jeti n'kumuphwanya kukhala ngati nkhungu. Khosi likakhala lalikulu kuposa mpweya umene injini ikukoka, mpweya umayenda mwaulesi, petulo amalowa ngati madontho, ndipo sapsa yense. Mukaponda moto galimoto imayamba yazengereza, inu n'kupondanso, mafuta n'kumapita.

Taonani masamu ake. Injini ya four-stroke imakoka theka la kukula kwake pa kuzungulira kumodzi. Ya 1.4 ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi singakoke mpweya woposa pafupifupi malita 2,100, pamene ya 3.0 ingakoke 4,500. Ndiye wina akakutsatsani Weber 38 DGAS, dziwani kuti imeneyo inkaikidwa pa injini za Ford V6 za 3.0, ndipo mabowo ake onse awiri amatseguka nthawi imodzi. Pa bakkie ya 1400 yonyamula kabichi, imeneyo ndi jekete la akuluakulu pa mwana wa sukulu. Ma sidedraft a 40 DCOE amalira mokoma, sindikana, koma anapangidwira liwiro. Asiyireni anyamata ampikisano.

Imene imamveka pa ntchito yathu ndi ya mabowo awiri otseguka motsatizana. Weber 32/36 ndi yotero: bowo loyamba ndi la 32mm, lachiwiri la 36mm, ndipo lachiwirilo limayamba kutseguka mukaponda mopitirira theka, chakumapeto. M'tauni mumayendera bowo laling'ono lokha, lachiwiri limabwera pa chitunda kapena popitirira lole. Ilipo ya mitundu itatu malinga ndi choki: DGV ya choki yokoka ndi dzanja, DGAV yoyendera madzi otentha a injini, ndi DGEV ya magetsi. Ine ndimakonda yokoka ndi dzanja chifukwa ndimadziwa ndekha kuti yatsegukiratu.

Koma pali zimene ogulitsa sanena. Kabureta ya Hitachi imene inabwera ndi 1400 nayonso ndi ya mabowo awiri otsatizana, ndipo inapimidwira injini imeneyi. Ngati thupi lake ndi shafiti zili bwino, kuitsuka ndi kuikamo kiti yatsopano kungakupatseni makilomita abwino kuposa Weber yongomangidwa osaikonza majeti. Weber 32/36 inatchuka pa injini za 1.6 ndi 2.0, ndipo majeti amene imabwera nawo m'bokosi nthawi zambiri ndi a injini zazikulu chonchi. Ubwino wake weniweni ndi woti majeti ake ali ndi manambala omveka ndipo amapezeka mosavuta. Choncho igulani pokhapokha yakale itatheratu. Samalaninso ndi zotsanzira zotchipa: zina nambala yolembedwa pa jeti sigwirizana ndi bowo lake, ndiye mumangosintha mumdima.

Jeti iliyonse ili ndi nthawi yake

Pa Weber nambala ya jeti ya mafuta ndi kukula kwa bowo lake: 140 ndi 1.40mm, 55 ndi 0.55mm. Majeti amene tiyenera kuwadziwa ndi atatu, ndipo bowo lililonse la kabureta lili ndi ake.

Idle jet dzina lake limanamiza. Siyigwira ntchito galimoto itaima pokha, imadyetsanso injini pamene mukuyenda mwaponda pang'ono, mpaka chapafupi ndi 2,500 rpm. Kwa ife oyenda m'malokesheni, kuima pa maloboti ndi kutsitsa katundu shopu ndi shopu, mafuta ambiri a tsiku amadutsa pa kajeti kameneka. Amene amathamangira kusintha main jet yokha amadabwa kuti palibe chasintha.

Main jet imatenga ulamuliro liwiro likakwera, monga pa N1 kapena N3. Air corrector imalowetsa mpweya wosakaniza ndi petulo asanafike pakhosi, ndipo mphamvu yake imaoneka kwambiri injini ikamazungulira mothamanga. Iyi imayenda mobwerera: nambala ikakula, mafuta amachepa. Pansi pake pali kachubu ka mabowo kotchedwa emulsion tube, kameneko musakagwire. Mulinso power valve, imene imawonjezera mafuta mukaponda kwambiri. Labala yake ikang'ambika imangokhala yotseguka, utsi wakuda n'kumatuluka ngakhale majeti ali bwino.

Chimene tikufuna n'chiyani? Kuti petulo apse yense, kilogalamu imodzi imafuna mpweya wolemera makilogalamu 14.7. Poyenda mopepuka injini imalola mafuta ochepera pang'ono, pakati pa 15 ndi 16, ndipo apa ndi pamene timapulumutsira ndalama. Koma ikamakoka katundu pa chitunda mwaponda mpaka pansi, imafuna mafuta ochuluka, pakati pa 12.5 ndi 13, chifukwa petulo wowonjezerayo amaziziritsanso mavavu ndi mapisitoni. Ndiye kuchepetsa kuchitike ku bowo loyamba. Bowo lachiwiri ndi inshulansi ya injini yanu, musalimane chakudya.

Kasinthidwe kake

Injini itenthe kaye. Izimitseni, mangani screw ya mixture pang'onopang'ono mpaka ingogunda, osakanikiza, kenaka muibweze kawiri. Lizani injini, muzitembenuza screw ija pang'ono uku mukumvetsera, mpaka mupeze pamene ikulira mosalala komanso mothamanga kuposa pena paliponse. Mukatero tsitsani idle ndi screw inayo. Tsopano werengani: ngati malo abwinowo mwawapeza screw isanabwerere kamodzi ndi theka, idle jet yakula, tsikani sitepe imodzi, monga kuchoka pa 60 kupita pa 55. Ngati mwabweza kupitirira kawiri ndi theka, yachepa, kwerani.

Pa main jet sitepe imodzi ndi 5. Musapusitsidwe ndi kuchepa kwa nambalayi. Kuchoka pa 140 kupita pa 135 kumachepetsa malo odutsa petulo ndi pafupifupi 7 peresenti, pamene kudumpha mpaka pa 125 ndi pafupifupi 20 peresenti. Sinthani chinthu chimodzi, yendani thanki yonse, lembani, kenaka muganize za china. Mukasintha zitatu tsiku limodzi simudzadziwa chimene chathandiza ndi chimene chaononga. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Majeti akale sungani m'kabotolo m'galimoto momwemo, ndipo musalole munthu kukulitsa jeti ndi chiboolero kapena kuitsuka ndi waya.

Injini imanena yokha ikapatsidwa mafuta ochepa. Imagwedera pa liwiro lokhazikika ngati wina akuikoka kumbuyo, imatsokomola kudzera ku kabureta mukaponda, singano ya kutentha imakwera, ndipo pa chitunda mumamva kulira ngati timiyala m'chitini. Mukamva chimodzi mwa izi bwererani pa jeti yakale tsiku lomwelo. Mapulagi nawo amathandiza: akuda ndi mwaye ndiye kuti mafuta achuluka, oyera mbee ngati choko ndiye kuti achepa, abwino amakhala ofiirira pang'ono. Kungoti ndi petulo wa masiku ano wopanda mtovu, mapulagi saonetsa msanga ngati kale. Njira yodalirika ndi kupita kumene ali ndi makina oyezera utsi wa ku ekizosi, makamaka amene angayeze galimoto ikukoka, osati itangoima. Ndalama ya ola limodzi kumeneko ndi yochepa poyerekeza ndi kutsegula injini.

Amene munaika pampu ya petulo ya magetsi, dziwani kuti Weber imafuna mphamvu yochepa, pafupifupi 3 psi. Pampu yamphamvu imagonjetsa singano ya float, ndipo mudzasintha majeti mpaka kutopa osaona kusintha.

Msewu wanu umathera kuti?

Apa ndi pamene ife amalonda tiyenera kusamala kuposa anthu ena. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wake ndi wopepuka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 6 poyerekeza ndi wa ku Durban kapena Cape Town. Kabureta siidziwa zimenezi. Imene inakonzedwera kugombe ikabwera kuno imapereka mafuta ochuluka, ndiye kutsika sitepe imodzi pa main jet nthawi zambiri kumathandiza. Musachepetse ndi gawo lonse lija, chifukwa mpweya wopepuka umakokanso petulo mofooka.

Vuto limabwera pobwerera. Bakkie imene mwaifinya mpaka pamapeto kuno ku Gauteng, mukatsika nayo Van Reenen kupita ku Durban kukaoda katundu, imakumana ndi mpweya wolemera ndipo mafuta amapereweratu. Pobwera muli ndi katundu wodzaza, mukukwera zitunda mwaponda mpaka pansi kwa nthawi yaitali. Umu ndi mmene mavavu amapserera.

Chimodzimodzi amene mumapita kumudzi pa msewu mu December. Harare ili pamtunda, koma mukadutsa Nyamapanda mumatsikira m'chigwa cha Zambezi, ndipo Tete ndi malo otsika komanso otentha koopsa. Kenaka pali chitunda chokwera ku Zobue ndi Mwanza, galimoto italemedwa ndi katundu wa abale. Onjezani kuti petulo wa ku Zimbabwe ndi wa kwathu ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol, amene amafuna mpweya wochepa kuti apse. Jeti yomweyo, ndi petulo wotere, imakhala ngati yachepanso. Kutsika, kutentha, katundu ndi ethanol zikakumana pa injini yofinyidwa kale, mukhoza kugona pa msewu ndi pisitoni yobooka, kutali ndi sipeya. Choncho ngati mumayenda maulendo otere, ikani majeti oyenera malo otsikitsitsa amene mumafikako, kapena bwezerani majeti akuluwo musananyamuke. Mukazolowera ndi ntchito ya mphindi zochepa.

Kodi zibweza ndalama?

Tiyerekeze, inu muikemo manambala anu. Mumayenda makilomita 2,000 pa mwezi, lita imodzi makilomita 10, ndiye malita 200. Mutakonza zonse n'kufika pa 11.5, mudzafuna malita 174. Mwapulumutsa malita 26, ndipo ngati lita ili pa R22, ndi R572 pa mwezi. Ngati zimenezi mwazipeza ndi mapulagi, kiti ya kabureta ndi majeti awiri, ndalama yanu ibwerera msanga. Koma ngati mwalipira, tinene, R6,000 pa kabureta yatsopano, adapter, fyuluta ndi makaniko, mudikira miyezi yoposa 10 musanayambe kuona phindu. Kwa woyenda makilomita 800 pa mwezi ndi zaka ziwiri n'kupitirira. Ndalama imeneyo mwina ingabale zambiri mutaiika m'katundu.

Mukapita kwa makaniko, musachite manyazi kufunsa. Muwauze mwaulemu kuti, "Achimwene, musanamasule mundiuzeko manambala a majeti amene alimo, ndipo amene muchotse mundipatse." Makaniko wodziwa ntchito yake sakwiya ndi funso lotere, ndipo akufunsani kumene mumayenda ndi kulemera kwa katundu wanu. Amene angoti musadandaule tiifinya, osafunsa kalikonse, muthokozeni muzipita. Safunsa anadya phula.

Chomaliza ndi cha moyo. Ambirife timakonzera magalimoto pabwalo la nyumba za lendi, pafupi ndi ana komanso anthu ophika. Petulo wotayikira pa ekizosi yotentha sachenjeza. Gwirani ntchitoyi panja, kutali ndi mbaula ndi fodya, chozimira moto chili pafupi, ndipo mukamaliza lizani injini muyang'ane mapaipi onse musanatseke boneti.

Amene mwayesapo kale, tiuzeni mtundu wa injini yanu, manambala a majeti, tauni imene mukukhala ndi makilomita amene mukupeza pa lita. Wa ku Cape Town asatengere manambala a wa ku Pretoria, koma tikawaika pamodzi, mnzathu amene wangogula bakkie yake yoyamba adzadziwa poyambira.